Maso Obwereka a Che Useni

Che Useni Fikirini anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa shedi ya katundu ku bwalo la ndege ku Chileka. Ntchito yawo inali yoyang'ana tizilombo. Mbewu iliyonse yotuluka kapena kulowa m'dziko, kaya ndi mtedza, nyemba, tsabola wouma, ngakhale kathumba ka mpunga ka munthu wopita kukaona ana ake kunja, inkayamba yadutsa pa tebulo lawo. Ankabaya thumba ndi chitsulo chosongoka cha mphako, n'kuthira zotulukazo m'sefa, n'kusefera pa pepala loyera. Akatero ankawerama ndi kagalasi kawo ka m'manja. Wosaina mapepala anali bwana, koma wonena kuti aka ndi kakuti anali Che Useni.

Kwawo kunali kufupi ndi Mdeka. Sukulu analekeza Sitandade 2, koma ku madarasa anapita mpaka atakula, ndiye zolemba zawo zonse zinali m'zilembo za Chiarabu, m'kabuku ka chikuto chofiira kamene palibe bwana anathapo kukawerenga. Anabwera ku Chileka nthawi ya chitaganya ngati wosesa. Mzungu amene ankayang'anira kanyumbako anaona kuti wosesayo akutola tizilombo pansi n'kumatisiyanitsa m'zivindikiro za mabotolo m'malo motitaya, ndiye anamupatsa galasi. Mzungu uja anapita, kunabwera wina, nayenso anapita. Kenako kunayamba kubwera achinyamata athu a ku koleji, aliyense zaka ziwiri kapena zitatu n'kusamutsidwa. Che Useni anali pomwepo.

Ine ndinawadziwa chifukwa nyumba za antchito zinali zogundizana ziwiriziwiri, ndipo yathu inagundana ndi yawo. Amuna anga, a Smart, ankanyamula katundu wa m'ndege. Atamwalira mu 1976 anandipatsa miyezi itatu kuti ndituluke, popeza nyumba ndi ya wantchito, si ya mkazi wake. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa mpanda, ulendo wa mphindi zisanu, n'kuyamba kuphika zitumbuwa zogulitsa pa geti. Mwana wanga Enifa anali kwa achemwali anga ku Zomba chifukwa cha sukulu. Masana ndinalibe woyankhula naye, ndiye ndinkapita kukakhala pa khonde ndi akazi a Che Useni, Abiti Chande.

Poyamba Che Useni ankangondipempha zolemba. Ndinafika Fomu 2, ndipo dzanja langa linali lowerengeka. Botolo lililonse la ku ntchito kwawo linkafuna kapepala ka Chingerezi konena tsiku, mbewu yake ndi kumene yachokera. Iwo ankanena, ine ndinkalemba, Abiti Chande ankasankha mpunga pambali pathu.

Chakumayambiriro kwa 1979 ndinayamba kuona zina. Tsiku lina Che Useni anathira tiyi pambali pa kapu, n'kunena kuti tebulo lapendekeka. Tsiku lina ine nditaima pakhomo anati, “Abiti, madzi aja mwatenthetsa?” Abiti Chande anali kuseri ndipo anamva, koma sanaseke. M'maso mwa Che Useni munali mutayamba kuyera ngati madzi otsukira mpunga. Inali ng'ala, maso onse awiri.

Kunali kutatsala chaka ndi theka kuti apume pa ntchito. Munthu wofika pa tsiku lake ankachoka ndi kalata yopumira, penshoni, ndi lole yomutengera katundu mpaka kumudzi. Koma woyang'ana tizilombo wosaona akanamusungiranji? Che Useni ankaopa kuti zikangodziwika awauza kuti apite ndipo nyumba aibweze. Abiti Chande anali ataona mmene ine ndinatulukira, mipando pamutu, mvula ikuwaza. Ku Mdeka analibe nyumba. Njerwa anali ataumba, koma asanaotche.

“Amake Enifa,” anatero Che Useni masana ena atamaliza swala, pemphero lawo la Chisilamu, “maso anu ali bwanji?”

“Ali bwino, Che Useni.”

“Ulusi mumalowetsa nokha mu singano?”

“Eya.”

“Ndiye mundibwereke. Ola limodzi pa tsiku basi. Ndidzabweza.”

Abiti Chande anaseka koyamba sabata imeneyo. “Mudzabweza chiyani inu? Sefa yanga munatenga chaka cha ufulu, mpaka lero ili ku ofesi. Anzanu akuweta mbuzi, inu nsabwe za mu ufa.”

“Si nsabwe zimenezo, Abiti. Zaka zonsezi ndakuuzani.”

Anayamba kundiphunzitsa ndi kafadala, chikumbu chakuda chija chimayenda pansi m'minda, chimene ukachikhudza chimangouma ngati chafa. Anati tiyambire pa wamkulu chifukwa pa iye zonse zimaoneka mosavuta. Anachiika m'dzanja langa, n'kundionetsa kagwiridwe ka galasi: kuligunditsa ku diso, ndiye kubweretsa chinthucho pafupi, osati kusuntha galasi.

“Yang'anani diso lake. Ndi lozungulira?”

“Ayi. Lili ngati nyemba. Lalowa m'kati mbali imodzi.”

“Ndi mphepete ya mutu yalidula pamenepo, ngati chipewa chotsika. Nyanga zake zikutulukira pati?”

“Pansi pa mphepete yomweyo.”

“Tsopano phazi. Werengani timfundo ku mwendo wakutsogolo.”

Ndinawerenga tisanu. Ku mwendo wapakati tisanu. Ku wakumbuyo ndinawerenga katatu.

“Tinayi. Kapena ndalakwitsa?”

“Simunalakwitse. Tisanu, tisanu, tinayi. Fuko lawo lonse ndi choncho. Kafadala ndiye malume, tamu ufa tija ndi ana a mlongo wake. Nunkhizani chala.”

Chala changa chinali ndi fungo lowawa ngati la mankhwala a ku chipatala.

“Ufa ukanunkha choncho, n'kuyamba kufiirira, muli iwo.”

Kwathu kuno kachilombo kalikonse ka m'thumba timangoti nankafumbwe, ndipo Che Useni zimenezo zinkawapweteka. Nankafumbwe, iwo ankati, ali ndi kachitamba, amaboola njere yathunthu yekha. Awa alibe chitamba. Ndi afulati, ofiirira, aafupi kuposa njere ya mpunga, ndipo amadikira kuti wina ayambe waswa: amadya ufa, madeya, mtedza wosweka.

Vuto linali loti a mu ufawa ali pawiri, ndipo ndi maso okha sungawalekanitse. Mayina awo a m'mabuku ndinkawalemba pa timapepala osadziwa tanthauzo lake, koma Che Useni anali ndi mayina awoawo. Wina ankamutchula kachibonga, chifukwa nyanga zake zimayenda zowonda kenako n'kutupa mwadzidzidzi kumapeto, timfundo titatu, ngati mutu wa chibonga. Winayo ankamutchula kamunsi, chifukwa nyanga zake zimakula pang'onopang'ono mpaka kunsonga, ngati munsi wosinjira. Kachibonga ali ndi mapewa obulungira m'mbali, kamunsi owongoka. Ukawatembenuza chagada, maso a kachibonga amakhala moyandikana pansi pa mutu, a kamunsi motalikirana.

“Nanga zili ndi ntchito yanji,” ndinafunsa tsiku lina mutu ukundipweteka, “popeza onse amadya ufa?”

“Kachibonga amauluka kukatentha. Kamunsi mapiko ali nawo, koma sauluka. Mukapeza kamunsi, ndiye kuti wina anamunyamula, anabwera ndi matumba akale, kawirikawiri ochokera ku chigayo. Mumachotsa matumba amenewo. Mukapeza kachibonga, ali paliponse, mpaka m'ming'alu ya khoma. Mumatseka nyumba yonse.”

Anandiuzanso lamulo lawo, limene sankalilumpha ngakhale atatopa chotani: osaweruza ndi kachilombo kamodzi. Ngodya iliyonse, khumi.

Bwana wa nthawi imeneyo anali a Julius Bwanali, ochokera kumene ku koleji, aulemu, ovala tayi ngakhale kutenthe bwanji. Ankaopa kulakwitsa kuposa china chilichonse, ndiye ankadalira Che Useni, amene ankawatchula kuti madala. Zinthu zikuluzikulu Che Useni ankazidziwabe ndi zala ndi mphuno. Zing'onozing'ono ankaziika m'kabotolo n'kunena kuti, “Ndiyankha masana, bwana.” Nthawi ya swala ankabwera kunyumba monga mwa masiku onse, kuswali, kudya, kenako n'kutulutsa kabotolo m'thumba la jekete. Ine ndinkathira tizilomboto m'mbale yoyera, n'kuyamba kunena zimene ndikuona. Sindinkatchula dzina. Iwo ankafunsa, ine ndinkayankha, dzina ankatchula okha. A Julius ankaseka kuti tizilombo ta madala sitiyankhula tisanadye.

Tinakhala choncho miyezi isanu ndi inayi. Sindinganene kuti inali yokoma. Ndinkadzuka m'mamawa kukazinga, utsi m'maso, kenako masana galasi. Pofika madzulo ndinkaona timadontho tofiirira ngakhale pa khoma lopanda kanthu. Panalinso mantha. Masiku amenewo munthu wotuluka pa geti la bwalo la ndege ndi kanthu kobisa m'thumba ankatha kufunsidwa mafunso ena, ndi anthu ena, kumalo kwina. Che Useni anaonda. Kuntchito ankayenda powerenga mapazi, kuchokera pa chitseko kufika pa tebulo, kuchokera pa tebulo kufika pa shelefu, ndipo botolo lililonse ankalibwezera pamalo pake penipeni. Akafika kunyumba ankangokhala pa mpando manja ali pa mawondo.

“Miyezi ingati yatsala?” ankafunsa Abiti Chande.

“Imene inatsala dzulo, Abiti.”

Mu Okutobala chaka chimenecho kunabwera uthenga wochokera ku Lirangwe. Wamalonda wina, a Majidu, anali ndi shedi pafupi ndi siteshoni ya sitima, yodzaza mtedza mpaka ku malata. Mtedzawo unali wopita kunja, ndipo unkafunika chikalata usanakwezedwe m'bogi ya sitima Lachisanu. Koma m'matumba ena munapezeka tizilombo. A Julius anauzidwa kuti apite Lachitatu ndi Che Useni, akaone, akagamule komweko.

Che Useni anatiuza zimenezi ataima, jekete asanavule.

“Ku Lirangwe kulibe khonde lino,” anatero.

Abiti Chande ndi amene anapeza njira. Anali ndi msuweni wawo, a Zaituni, wokhala kuseri kwa siteshoni. Anati ife awiri tilawirire pa basi ngati okacheza. Nthawi ya swala ikakwana, Che Useni auze bwana kuti akukaswali ndi kudya kwa achibale, n'kubwera ndi kabotolo monga mwa masiku onse.

Ine sindinkafuna. Sindimakonda maulendo, sindimakonda pagulu, ndipo tsiku losagulitsa pa geti linali tsiku lopanda ndiwo. Koma ndinangoti chabwino.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka, makadi a chipani titamanga pa nsonga ya chitenje. Pa Kameza a Yufi, anyamata a chipani, anatiimitsa, tinaonetsa, anatisiya. Tinadikira basi yodzera ku Lunzu maola awiri, ndipo itabwera inali yodzaza, tinaima njira yonse. Ku Lirangwe kunkatentha ngati m'ng'anjo. A Zaituni anatilandira, anatipatsa madzi, koma ife mitima inali kunja. Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi shedi, pamene galimoto ya ofesi inali itaima kale.

Pa khonde la shedi panali amayi oposa khumi osankha mtedza m'malichero. M'kati tinkaona Che Useni akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa matumba, dzanja limodzi likutsata mzere, akubaya, akusefa. A Majidu, munthu wamfupi wonenepa wa kofia yoyera, ankayenda pambuyo pawo akuyankhula osapuma.

Mwazini ataitana ku mzikiti, Abiti Chande anaimirira n'kukonza mpango. Tinaona Che Useni akutulukira pakhomo, dzanja lili pa thumba la jekete. Koma a Majidu anawagwira mkono, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pa mango.

“Kwa achibale? Ayi, Che Useni, musandichititse manyazi. Msilamu mnzanga abwere pa malo panga, akaswali kwina, akadye kwina? Anthu adzati chiyani? Tipita limodzi ku mzikiti, mpunga aphika kale. Vulani jeketeyo, mukufa nayo kutentha.”

“Ndinalonjeza kwa alamu anga, Che Majidu.”

“Alamu anuwo ndi a Zaituni? Ndiwatumizira mbale. Tiyeni.”

A Majidu anawavula jekete ndi manja awo, n'kuikoleka pa msomali m'kati mwa shedi. Pakati pa anthu amenewa mlendo sakana kuswali ndi mwini malo, ndipo ife atatu tinkadziwa zimenezo kuyambira kale. Kungoti palibe anaziganizira. Anadutsa pafupi ndi mtengo wathu atagwirana mkono. Che Useni sanationa.

“Basi,” anatero Abiti Chande, n'kukhalanso pansi.

Tinadikira. Kenako Abiti Chande anati kukhala patali n'kopweteka kwambiri, ndiye tinasendera pa khonde, n'kukhala kumapeto kwa amayi osankha mtedza aja. Wina anatipatsa lichero osafunsa kuti ndife ndani. Kuchokera pamenepo tebulo linkaoneka, ndipo mawu onse ankamveka.

Che Useni ndi a Majidu anabwerako cha m'ma thuu koloko. A Julius anayang'ana wotchi.

“Tiyeni madala, galimoto ikufunika ibwerere isanakwane folo. Mwadya tsopano, tizilombo tanu tiyankhule.”

“Ndi tokwawa basi, bwana,” anatero a Majidu. “Tizilomboti tinabwera ndi matumba a ku chigayo aja ndinagula mwezi watha. Ali pa ngodya apo, ndawapatula kale. Enawa ndi atsopano. Eti Che Useni? Inu mukudziwa zinthu izi.”

Aliyense m'shedimo ankamvetsa. Akakhala kamunsi, achotsa matumba a pa ngodya, ena onse akwera sitima Lachisanu. Akakhala kachibonga, shedi yonse iphimbidwa ndi tenti ya mankhwala, ndipo bogi ipita yopanda mtedza wa a Majidu.

Che Useni anathira kabotolo koyamba pa pepala. Anatulutsa galasi, analipukuta ndi malaya, anawerama. Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Ine ndinkaona kuchokera pa khonde kuti tizilombo tiwiri tayenda kale mpaka m'mphepete mwa pepala, iwo akuyang'anabe pakati. Akanatha kungonena kuti kamunsi. A Majidu akanawathokoza, a Julius akanasaina, tonse tikanapita kunyumba.

Anaweramuka, n'kuika galasi pa tebulo.

“Bwana Julius, ine sindikuona kanthu.”

“Kwada muno? Tsegulani chitseko chinacho.”

“Si mdima, bwana. Ndikuona kadontho kofiirira basi. Chaka chino chonse sindinaonepo nyanga ya kachilombo.”

Amayi a pa khonde anasiya kupeta.

“Nanga mayankho onse aja?” anafunsa a Julius motsitsa mawu.

“Anali oona. Maso okha ndi amene sanali anga.” Anatembenukira kukhomo, osadziwa kuti tili mbali iti. “Ngati amake Enifa ali pafupi, abwere.”

Abiti Chande anandikankha ndi chigongono. Ndinaimirira, ndinagwada pakhomo kupereka moni. A Julius anandizindikira.

“Si mayi a zitumbuwa a pa geti awa?”

“Ndi omwewo,” anatero Che Useni. “Apatseni mpando. Awa ndi a pa ngodya ya matumba a ku chigayo. Amake Enifa, nyanga.”

Nditagunditsa galasi ku diso, anthu onse aja anasowa, ndipo ndinapezako mpumulo.

“Zikukula pang'onopang'ono mpaka kunsonga.”

“Mapewa?”

“Owongoka.”

“Mutembenuzeni. Maso pansi?”

“Atalikirana.”

“Kamunsi. Wina.”

Tinamaliza khumi, onse chimodzimodzi. A Majidu anawomba m'manja.

“Mwamva, bwana? Ndimanena ine! Mayi awa ndi dokotala. Apatseni mtedza wa ndiwo, lichero lodzaza. Sainani, bwana.”

A Julius anali atatulutsa kale cholembera. Koma Che Useni ankafufuza ndi dzanja pa tebulo.

“Pali mabotolo ena atatu. Ngodya iliyonse, khumi.”

“Aaa, Che Useni, nthawi yatha. Taswali limodzi, tadya mbale imodzi.”

“Tadya, ndipo ndathokoza. Amake Enifa, ili ndi la ngodya ya kumbuyo, ku matumba atsopano.”

Woyamba anali kamunsi. Wachiwiri ndinamuyang'ana kawiri, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala ku geti ndi beseni langa.

“Nyanga?” anafunsa Che Useni.

“Zowonda, kenako zatupa kumapeto.”

“Timfundo tingati totupa?”

“Titatu.”

“Mapewa?”

“Obulungira. Maso pansi ayandikana.”

Che Useni anapumira m'mwamba. “Kachibonga.”

M'botolo limenelo anapezeka asanu ndi awiri. M'mabotolo awiri otsalawo analimonso. Pamene ndinkamaliza, kamodzi kanatambasula timapiko pa pepala lotentha lija n'kuuluka, ndipo a Julius anakatsatira ndi maso mpaka ku malata.

A Majidu anasintha nkhope. “Ndiye shedi yanga itsekedwe chifukwa cha mawu a mayi wogulitsa zitumbuwa ndi munthu wosaona? Boma likugwira ntchito choncho masiku ano?”

A Julius anatenga buku lawo m'chikwama, anakhala pa mpando umene ine ndinachokapo, n'kuyang'ana okha kamodzikamodzi, akufananitsa ndi zithunzi. Zinawatengera nthawi yaitali kuposa ine, ndipo thukuta linkadontha pa tayi. Pomaliza anatseka buku.

“Madala anena zoona. Shedi yonse.”

“Ndipita ku Blantyre mawa,” anatero a Majidu. “Ndikawauza akuluakulu anu zonse zimene ndaona pano.”

A Zaituni anali atamva kale zonse tisanafike kukatsanzika. A Julius anatilola kukwera kumbuyo kwa galimoto, ife awiri ndi Che Useni, pakati pa masefa ndi mabotolo. Fumbi linkalowa paliponse.

“Mukanangonena kamunsi,” anatero Abiti Chande titafika pa Lunzu, osakweza mawu. “Miyezi khumi yokha, bambo. Khumi.”

“Ndikanatero.”

“Nanga?”

“Ndinali nditangochoka ku mzikiti, Abiti. Komanso mtedzawo ukanakafika kumene ukupita uli ufa. Ndatopanso kuwerenga mapazi.”

A Majidu anapitadi ku Blantyre. Choncho a Julius sakanatha kubisa, ngakhale akanafuna, ndipo analemba lipoti. Che Useni anauzidwa kuti akhale kunyumba mpaka yankho libwere. Masabata atatu odikira yankholo Abiti Chande anayamba kumanga ziwiya m'makatoni, kenako n'kumasula, kenako n'kumanganso. Che Useni ankakhala pa khonde kumvetsera ndege, n'kumanena kuti iyi ndi ya ku Joni, iyi ndi ya ku Nairobi. A ku ofesi anawatumiza ku chipatala, kumene anauzidwa kuti ng'ala imachotsedwa, koma mzere wa odikira ndi wautali, adzawaitana.

A Julius anabwera okha ndi kalata Loweruka lina m'mawa, opanda tayi. Anakhala pa mpando wa alendo, anakana tiyi, kenako anavomera. Che Useni anandipempha kuti ndiwerenge ine.

Kalatayo inati Che Useni achotsedwa pa ntchito yoyang'ana tizilombo kuyambira tsiku lomwelo, ndipo asagwirenso chitsulo chobayira kapena kugamula chilichonse. Inati munthu wosalembedwa ntchito asaonetsedwenso zinthu za ofesi. Kenako inati, popeza bwana wa pamalopo wanena kuti ofesi ikusowa wosesa ndi wotsuka mabotolo, Che Useni agwire ntchito imeneyo mpaka tsiku lawo lopuma.

“Nyumba?” anafunsa Abiti Chande.

“Wosesa nayenso ndi wantchito, mayi,” anatero a Julius. “Mukhala. Ndi zokhazo ndinakwanitsa, madala. Pepani.”

“Mwachita zazikulu, bwana,” anatero Che Useni. Nkhope yawo sinaonetse kukondwa kapena kudandaula. Anangofunsa ngati Lolemba ayambe seveni koloko kapena hafu pasiti sikisi.

Miyezi yotsalayo anaigwira yonse osajomba. Pa tebulo lawo anakhalapo munthu wina wochokera ku Limbe, wa satifiketi, amene sankakonda kufunsa. Ndinkawaona Che Useni m'mawa akudutsa pa geti ndi ovolosi m'malo mwa jekete. Ankaima pa beseni langa, kugula chitumbuwa chimodzi, n'kufunsa za Enifa. Za tizilombo sitinayankhulenso. Masana ndinkapitabe pa khonde, koma tinkangosankha mpunga, iwo akugona pa mkeka m'kati. Abiti Chande anandiuza kuti tulo tawo tinabwerera, ndipo anayambanso kudya bwino. Mu Juni anapita okha ku Mdeka kukaona anthu ootcha njerwa.

Lole inabwera mu Ogasiti 1980, mochedwa ndi maola anayi. Ndinathandiza kukweza mipando, bedi, mbaula ndi nkhuku zisanu m'dengu. Dalaivala ankafulumira, ndiye kutsanzikana kunali kwachidule. Che Useni anakhala kutsogolo, kalata yopumira ili m'thumba la pachifuwa, Abiti Chande pambali pawo atagwira ketulo pamiyendo. Ku chipatala sanawaitane. Anakhala m'nyumba yawo ya ku Mdeka zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo anamwalira nthawi ya dzinja mu 1983. Asilamu sachedwa kuika maliro, ndiye uthenga unandipeza patatha sabata. Ndinapita kukapepesa Lamlungu lotsatira, ndinagona masiku awiri kwa Abiti Chande, n'kubwerera Lachiwiri chifukwa ufa wa zitumbuwa ndinali nditausiya pa dzuwa kwa aneba.